Chisoti Pamphasa ya Apongozi

Matero, Lusaka
6 Novembala 1966

Amake Ennie,

Muli bwanji ku Kakumbiko? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga. Ennie akukula? Nanga apongozi anga, miyendo ija yaleka kutupa? Mukawapatse moni, pakamwa panga kwa iwo ndinu.

Ntchito ndaipeza, mkazi wanga. Tikumanga nyumba yosanjikiza kasanu ndi kamodzi, yoti ukakwera pamwamba anthu pansi amaoneka ngati anapiye. Anandilowetsa ndi Silas Mwanza wa kwa Jumbe, amene ndikugona naye chipinda chimodzi. Mkonono wake ngwa mvuu ya mu Luangwa, koma mtima ngwabwino.

Tsiku loyamba anatipatsa ovolosi, jombo zokhala ndi chitsulo kuzala, magolovesi, ndi chisoti chachitsulo chopepuka chimene kuno amati helemeti. Mukanandiona! A Gemu, alonda a nyama zakutchire aja amanyada ndi makhaki awo kumeneko sandifika n'komwe. Poyamba chisoticho ndinkadana nacho, chimatentha ndipo thukuta limalowa m'maso. Koma Lachinayi lapitali ndaona ndi maso angawa. Njerwa inapulumuka pamwamba n'kumutera pamutu mnzathu wina wa ku Mongu amene ankakankha wilibala pansi. Inalira ngati belu la kutchalitchi, tonse tinati basi, wapita. Munthu anangokhala pansi, kutukwana m'chilankhulo chakwawo, kudzuka, n'kugwiranso wilibala yake. Chisoti chinangopindika pang'ono. Chipanda icho mutu ukanasweka ngati dzungu. Kuyambira tsikulo ndimachivula pogona pokha.

Pa Khirisimasi atipatsa tchuthi. Ndibwera mvula isanatseke msewu. Lembani zimene zikusowa pakhomo.

Ndine mwamuna wanu,
Josiah Chulu

Kakumbi
25 Novembala 1966

Atate ake a Ennie,

Kalata yanu ndailandira, anabwera nayo a Gemu pa galimoto yawo kuchokera kwa Jumbe. Tonse tili bwino. Ennie wamera mano awiri ndipo akuluma aliyense, watengera kwanu.

Tadzala munda wonse wa kudimba mpaka kumtengo wa mchenja. Koma mtima suli m'malo. Mukudziwa chaka chatha njovu zinatisiyira mapesi okha, tinatha dzinja ndi maungu ndi mango aawisi. Chaka chino zayamba kale kuwoloka kuchokera m'gemu, nkhalango yosungira nyama ija, ndaona ndowe zake pafupi ndi chitsime. Kuzipha sitiloledwa, afundi a mfuti, alenje a boma aja, ndi ochepa ndipo midzi njambiri. Chitini chathu choimba pansanja chija chinang'ambika, chikungolira ngati nkhuku yachitopa. Njovu ikachimva imangokupiza makutu n'kumadyabe.

Mubweretse mchere, sopo, ndi bulangete la amayi. Ndipo chisoti mukutamacho mubwere nacho tidzachione, kuti tidziwe ngati si mabodza anu aja. Ndinawawerengera amayi nkhani ya njerwa, anaseka mpaka kutsokomola, akuti akamwini anga ayamba kuvala mphika kumutu.

Ndine mkazi wanu,
Tabeth

Matero, Lusaka
4 Januwale 1967

Amake Ennie,

Ndafika bwino. Lole inatitimira kawiri tisanakwere phiri, tinachita kukankha, koma tinafika ku Fort Jameson ndi miyendo yathu yonse. Muli bwanji inu ndi mwana?

Pali nkhani imene ndinalephera kukuuzani pamaso. Kalatayi muwerenge muli nokha.

Mukukumbukira tsiku ndinafika. Amayi anakhala pakhonde atatembenukira kumbali monga mwa mwambo, ine ndinagwada chapatali, inu mukulandira katundu n'kumaika pamphasa pawo. Ndiye munthu ungagwade pamaso pa apongozi chipewa chili kumutu? Ndinachivula n'kuchiika m'mphepete mwa mphasa. Inu munali mutalowa m'nyumba kukatenga Ennie. Amayi anakulunga zonse m'bulangete, mchere, sopo, chisoti chomwe, n'kuwomba m'manja, amvekere, "Auzeni akamwini kuti ndathokoza, mpaka andipatsa chovala cha kumutu kwawo." Mkamwini sayankha apongozi, nanji kuwauza kuti tulutsani chimenecho si chanu. Masiku onse aja ndinkati ndikuuzani mawa, koma ndikaona mmene mukuyendera monyada pamudzi ndinkameza mawu, mpaka lole inafika.

Sichinali mphatso, amake Ennie. Ndi cha kampani ndipo chili ndi nambala yanga mkati. Kusitolo ya pantchito amapereka chatsopano ukabweza chakale, kaya chosweka. Ukati chatayika amati wagulitsa, ndipo mwezi watha anachotsa anthu awiri pa mlandu womwewo. M'masitolo a m'tauni ndafunafuna, sagulitsa. Zatsopano za aliyense zidzabwera mu Julaye. Kapitawo wathu ndi munthu wa kum'mawa komweko, wati andibisa, ndizigwira choncho bola akulu asandione.

Chonde, pezani kanjira kofatsa kowauzira amayi, monga mwana wawo. Muchitumize ndi galimoto ya a Gemu mitsinje isanadzaze. Ndidzawabweretsera chinthu china chabwino kuposa icho.

Wanu,
Josiah

Kakumbi
29 Januwale 1967

Atate ake a Ennie,

Tili moyo. Kalata yanu yagona kwa Jumbe milungu itatu, mtsinje wa Lupande wadzaza, magalimoto aleka kuyenda. Anachita kubwera nayo munthu wa pansi ataikulunga m'masamba a nthochi.

Ndaiwerenga ndili ndekha monga munanenera, ndipo ndalira. Ha, a Chulu, mwatani kodi? Chinthu choika pamphasa ya apongozi n'kuchiitanitsanso? Munamva kuti zimenezo? Amayi anachionetsa mudzi wonse, anachinyamula mpaka kutchalitchi. Amayi ake a Gladys, amene mkamwini wawo sanawagulirepo ngakhale singano, anadwala nacho mutu sabata yathunthu. Lero ndipite ndikati bwezani? Nkhope yanga ndikaiika pati?

Ndiye mudziwe kuti chikugwira ntchito. Amayi anachipachika pansanja ya kumunda, amachimenya ndi chitsulo cha nkhwangwa. Chimalira nge-e-e mpaka tsidya la dambo. Lamulungu dzuwa likupendeka kunabwera njovu zinayi ndi kamwana, zitangomva zinakweza michira n'kuthawa ngati zaona moto. Kwa aneba zadya kale, kwathu ngakhale phesi limodzi. Chimanga chafika m'chiuno, chobiriwira bwino. Mukufuna tichotse chisoti tsopano, ngala zili pafupi kutuluka? Ennie adzadya chiyani?

Mukuti kampani, kampani. Kampani yomanga nyumba yofika kumitambo ingasowe chipewa chimodzi? Ine si mwana. Kuno munthu akayamba kuitanitsa zimene anapereka kwa apongozi timadziwa kuti ukwati watha. Ngati mwapeza wina wa m'tauni wopaka milomo, nenani poyera, musazembere pa chipewa. Amayi sindinawauze, angakomoke. Ndawauza amalume.

Tabeth

Kakumbi
2 Febuluwale 1967

Kwa akamwini a Josiah Chulu,

Moni. Ine ndine Abraham Sakala, malume wake wa mkazi wanu, amene ndinalandira nkhuku yanu tsiku munadzafunsira mbeta.

Ndamva zimene mwalemba ndipo zandidabwitsa. Tinakupatsani malo omanga nyumba, tinakupatsani munda, tinakulolani kupita kutauni musanathe zaka zolimira apongozi, chifukwa tinkati ndinu munthu waulemu. Mlongo wanga ndi wamasiye. Chinthu chimodzi chimene chamusangalatsa chimwalirire amuna ake, inu mukuti abweze. Ine ndakula osavala chitsulo kumutu, ndagwetsa mitengo, ndafolera madenga, mutu wanga ulipo mpaka lero.

Ngati mawu anu ndi omwewo, tumizani ankhoswe anu tidzakhale pansi, katundu wanu yense tidzamuike pabwalo pamodzi ndi chipewacho. Ngati munalemba mutamwa, lembani kalata ina, iyi tiiwala.

Ndatha ine,
A. Sakala

Matero, Lusaka
5 Malichi 1967

Amake Ennie,

Makalata awiri, yanu ndi ya amalume, afika tsiku limodzi. Ndinawerenga nditakhala pa thumba la simenti, chakudya cha masana chinandikanika.

Mkazi wina ndimutenga kuti ine? Ndimaweruka thupi lonse lili mbuu ndi fumbi, amene amandidikira kunyumba ndi Silas ndi mkonono wake. Mwandipweteka mtima, Tabeth, sindibisa. Koma ukwati wanga sungathere pa chipewa. Auzeni amalume kuti ndagwada, mawu aja ndabweza. Chisoti ndi cha amayi. Achimenye ndithu mpaka njovu zikafike ku Mpika.

Kuno ndikuvala kachipewa kaubweya kaja munandilukira. Akulu akamabwera kudzayendera, kapitawo amaimba mluzu, ine ndimakalowa m'shedi ya simenti ngati mbewa. Pamwamba wandichotsa chifukwa ndimaonekera patali, wandiika pansi posakaniza konkire, m'tsinde mwenimweni mwa nsanja zachitsulo. Akuti wandichitira chifundo. Koma pansi ndi pamene zonse zimagwera. Dzulo inagwa hamala, dzana thabwa. Ndimagwira ntchito maso ali kumwamba mpaka khosi kuwawa. Silas amandibwereka chake akapita kukadya, koma mutu uliwonse uli ndi chisoti chimodzi, sindingamuvule mnzanga. Kunena zoona ndimaopa. Ndikamva munthu akukuwa pamwamba, ndimadumphira kumbali.

Komabe Julaye sali patali, ndipo mumanena nokha kuti mutu wanga ngwouma. Chimanga chikacha mundisungire chowotcha, ndimachilota. Mumpsompsone Ennie, koma musamale zala.

Wanu mpaka kale,
Josiah

Matero, Lusaka
3 Epulo 1967

Alamu, amake Ennie,

Simundidziwa nkhope. Ndine Silas Mwanza, mnzawo wa amuna anu. Pepani kuti kalata yanga yoyamba kwa inu ikhale yotere.

A Josiah avulala pantchito Lachisanu m'mawa. Anthu ankamasula nsanja pamwamba, ndiye chikhatho cha wina chinaterera, zitsulo zomangira mapaipi zinakhuthuka m'chidebe. Chilichonse n'chachikulu ngati chibakera. Pansi tinalipo awiri, ine ndi iwo, tikukokera limodzi thumba la simenti. China chinanditera ine pachisoti, ndinagwada, m'makutu munalira, basi. China chinawatera iwo pa kachipewa kaubweya.

Ali kuchipatala chachikulu. Adokotala ayesetsa, akuti fupa la mutu lalowa mkati. Sakulankhula. Maso amatsegula koma sindikudziwa ngati akundiona. Dzulo ndinawatchulira dzina la Ennie, zala zinagwedezeka pang'ono.

Bwerani msanga, alamu, ngakhale wapansi mpaka pamene pali lole. Mukatsika basi ku Lusaka funsani njira ya ku Matero, pafupi ndi msika aliyense akulozerani kwa Mwanza womanga. Musachedwe.

Silas

Kakumbi
9 Epulo 1967

Atate ake a Ennie, mwamuna wanga,

Mwaswera bwanji? Kuno tonse tili bwino, mvula yakata, koma msewu ukadali matope ndipo makalata akubwera mwa apo ndi apo. Yanu ya mu Malichi yafika Lolemba lapitali. Ndaiwerenga katatu. Ndachita manyazi, ndikhululukireni. Pakamwa panga mumapadziwa, pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Mverani zimene zachitika. A Edmund, aja anagwira kumigodi ya ku Luanshya mpaka kugontha khutu, anadutsa kumunda kwathu akuchokera kokawedza. Ataona chisoti pansanja anaima chilili. Anachitembenuza, kuona nambala mkati, n'kufunsa amayi mokuwa monga amachitira, "Mwini wake wa ichi wavala chiyani?" Amayi anati ndi mphatso ya akamwini. A Edmund anati, "Mphatso? Uwu ndi mutu wa munthu, mayi! Mwapachika mutu wa mkamwini wanu pamtengo, iye akuyenda pansi pa zitsulo ndi tsitsi lokha!" Anawaonetsa chipsera chawo cha paphewa, akuti mwala umene unachita chimenecho unayamba wamenya chisoti.

Amayi anakhala pansi m'mizere momwemo. Atandiitana ndinaulula zonse, za mphasa, za kalata yanu, za amalume. Anati, "Nanga iwowo osanena bwanji?" Ndinati, amayi, akananena bwanji, ali mkamwini? Anandikalipira ngati kamwana, akuti ine ndiye ndinali pakamwa panu ndipo ndinatseka. Amalume nawonso anawakalipira, akuyenda mozemba kuseri kwa nkhokwe.

Chisoticho amayi achitsuka okha ndi phulusa ndi mchenga mpaka kung'anima. Chili ndi timaenje ta nkhwangwa, musaseke, koma n'cholimba. Mkati aikamo nsomba zouma ndi mtedza, asokerera m'chiguduli. A Gemu akuti galimoto yawo iyesa kukwera phiri Lachitatu, apita nacho ku positi ya ku Fort Jameson.

Chimanga chauma bwinobwino, tayamba kukolola, njovu sizinalawe. Amayi akuti ndikuuzeni mawu awa ndendende: akamwini avale, asadzavulenso, ngakhale pamaso panga adzagwade nacho.

Julaye musamudikirenso. Mundiyankhe msanga kuti mtima ukhale pansi.

Ndine wanu,
Tabeth

Matero, Lusaka
23 Epulo 1967

Alamu,

Phukusi lanu lafika Lachisanu pamodzi ndi kalata. Ndinaitsegula kuti ndidziwe ngati muli m'njira, mundikhululukire. Ndaona kuti polemba munali musanalandire yanga.

A Josiah anatisiya pa 12 Epulo masana. Sanalankhulepo chivulalire. Ndinali pambali pawo, sanavutike pomaliza, anangopuma kamodzi kwakukulu n'kukhala chete. Tinatumiza telegalamu kuboma, kaya inakufikani. Tinadikira mpaka a chipatala anati sangathenso kusunga, ndiye tinawaika kuno. Anthu a kum'mawa a m'Matero anabwera ambiri, tinaimba nyimbo zakwathu. Pamanda ndaikapo chizindikiro cha simenti, ndinaumba ndekha, ndidzakulozerani.

Akulu a kampani anafunsa chifukwa chake munthu anali pansi pa nsanja wopanda chisoti. Kapitawo wachotsedwa. Tsopano pageti pamaima munthu, wopanda chisoti salowa, ndipo wotaya chake akumupatsa china tsiku lomwelo popanda mlandu. Zatheka m'sabata imodzi, alamu, zimene ankati sizingatheke mpaka Julaye.

Chisoti changa chili ndi dzenje loti chala chachikulu chimalowa. Ndimaliyang'ana m'mawa uliwonse ndisanavale. Tinali phewa ndi phewa, chitsulo chake chimodzimodzi.

Katundu wawo ndamanga, jombo, bulangete ndi kadiresi kamene anagulira Ennie. Za chipukuta misozi akuti mubwere nokha ndi mboni. Nsomba ndagawira amene anakumba manda. Chisoti chili pabedi pawo, sindikudziwa chochita nacho. Kusitolo akuti nambala yake anaifuta kale. Ndikutumizireni?

Silas

Kakumbi
14 Meyi 1967

Alamu a Silas,

Moni. Makalata anu onse awiri afika tsiku limodzi pamodzi ndi telegalamu, pa lole yoyamba kutsika phiri chaka chino. Ndinayamba kutsegula yoyamba. Ndinathamangira m'nyumba kukamanga katundu kuti ndinyamuke, ndikukuwira amayi kuti andigwirire mwana. Yachiwiri ndinaiwerenga nsapato zili kale kumapazi.

Zikomo pomuika mnzanu ngati mbale wanu. Maliro talira kuno opanda mtembo. Abale awo anabwera kuchokera ku Nsefu, andimeta. Pabwalo amalume anaimirira n'kunena kuti imfa ndi ya Mulungu, palibe wolakwa. Munthu anandilembera bwinobwino kuti chonde, ine ndinamuyankha za akazi opaka milomo. Anati akuopa, alamu. Josiah amene ankawoloka Luangwa ng'ona zili pamchenga analemba ndi dzanja lake kuti akuopa, ndipo kalata yake inali kugona kwa Jumbe ine ndikumenya chisoti chake pansanja, ndikusekerera kuti njovu zikuthawa.

Ndibwera mwezi wamawa ndi a Edmund kudzaona manda. Chisoti musatumize kuno. Amayi akangomva chitsulo chikulira, ngakhale khasu kugunda mwala, amagwira kumutu n'kulowa m'nyumba. Pantchito panupo pakabwera munthu watsopano wochokera kumudzi, mumupatse chikhale chapadera. Mumuuze kuti popita kwawo pa tchuthi azichisiya m'tauni.

Takolola. Nkhokwe yakale yadzaza mpaka tamanga ina, chikhalire sitinakololepo chotere. Anthu akumabwera kudzasuma kwathu chifukwa kwawo njovu zinamaliza, amayi akungowadzazira malichero osayang'ana. Koma amayiwo chimangacho sanachiikepo pakamwa. Akudya maungu ndi masamba, awonda, ndikawapatsa phala amakankha mbale n'kunena kuti sangatafune mutu wa mwana wa eni.

Ine ndimasinja, ndimaphika, ndimadya, chifukwa Ennie akuyamwa. Atate ake a Ennie anandipempha kuti ndiwasungire chimanga chowotcha. Ndinasankha ngala zinayi zazikulu, ndinazipachika kudenga pamwamba pa moto kuti zisafumbwe. Zikadali pomwepo, sindikudziwa woti ndimupatse.

Ndine mlamu wanu,
Tabeth Chulu